Mkazi akakwatiwa m'chisudzo, kiyi amasunga ndani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kusekondale ndipo chaka chino ndikufuna kulembera ana anga sewero lokhudza banja. Ndawerenga masewero angapo, akale ndi atsopano omwe, ndipo chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Mtsikana amayamba ali wochangamuka, wolankhula zakukhosi, koma akangokwatiwa amazilala ngati moto wothiridwa madzi. Pomaliza amathawa, amapenga kapena amafa kumene. Kodi alembi amenewa amadana ndi ukwati? Nanga ine ndilembe bwanji kuti ndisaoneke ngati ndikungonyoza amuna?

Yankho: Aphunzitsi, diso lanu lagwira chinthu chenicheni. Kuzilala mukunenako kulipo, ndipo kwakhala kukuonekera pabwalo la zisudzo kwa zaka zoposa 2,400. Kale mu 431 Yesu asanabadwe, mlembi wa zisudzo wa ku Greece, Euripides, anaimika mkazi wotchedwa Medea pamaso pa amayi a ku Corinth akudandaula kuti mkazi amachita kugula mwamuna ndi chuma chambiri cha makolo ake, n'kupeza kuti wadzigulira bwana wolamulira thupi lake. Koma zoti alembiwo amadana ndi ukwati, pamenepo ndikukanirani. Mlembi wa zisudzo amaukonda ukwati ngati mmene msodzi amakondera dziwe lakuya. Chisudzo chimafuna anthu awiri ofuna zosiyana koma amene sangathawane msanga. Anthu akayambana m'basi, wina amatsika n'kumapita. Mwamuna ndi mkazi wake akayambana usiku, kukacha amadzukabe m'chipinda chomwecho. Choncho mlembi akafuna kufunsa kuti mphamvu zili m'manja mwa ndani, amangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Ana anu ayambe adziwa kuti m'mayiko ambiri kumene masewerowa analembedwa, kuchepa kwa mkazi wokwatiwa kunali kolembedwa m'mabuku a malamulo. Katswiri wa malamulo wa ku England, William Blackstone, analongosola mu 1765 kuti pamaso pa lamulo mwamuna ndi mkazi wake ndi munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo ankalankhula ndi pakamwa pa mwamuna. Mkazi wosakwatiwa kapena wamasiye ankatha kusunga chuma chake ndi kusaina mapepala payekha. Akalowa m'banja, ngakhale malipiro a thukuta lake ankakhala a mwamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 atasintha zinthu. Ku France mkazi wokwatiwa analoledwa kutsegula akaunti kubanki ndi kulowa ntchito popanda chilolezo cha mwamuna wake mu 1965. Agogo ambiri amene tili nawo lero anali atabadwa kale.

Ndikhalitse pa sewero limodzi, chifukwa mukalimvetsa limeneli ena onse satenga nthawi. Ndi A Doll's House la Henrik Ibsen wa ku Norway, limene linaonetsedwa koyamba ku Copenhagen mu Disembala 1879.

Nora ndi Torvald Helmer akhala m'banja zaka 8 ndipo ali ndi ana atatu. Ndi nyengo ya Khirisimasi, Torvald wangokwezedwa kukhala manijala wa banki, m'nyumba muli chimwemwe. Mwamunayu samumenya mkazi wake, samwa mwauchidakwa, sayenda ndi akazi ena. Amamutchula kambalame kake koimba, kagologolo kake. Amamupatsa ndalama akumuseka kuti ndi wamanja olekerera. Koma yang'anani zazing'onozo, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nora akulowa m'nyumba atabisa timabisiketi totsekemera m'thumba, akudya mobisa n'kupukuta pakamwa asanakumane ndi mwamuna wake, chifukwa anamuletsa poopa kuti mano aola. Mayi wa ana atatu akubisa bisiketi ngati mwana wa sitandade 2. Owonerera amaseka pamenepa, ndipo Ibsen ankafuna kuti aseke, kuti pambuyo pake adzachite manyazi ndi kuseka kwawoko.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti zaka zapitazo Torvald anadwala kwa kayakaya, madokotala n'kunena kuti apite ku Italy kofunda apo ayi afa. Ndalama panalibe, ndipo mwamunayo ankadana ndi ngongole. Mkazi sankaloledwa kukongola popanda chilolezo cha mwamuna wake. Nora anakongola makrona (ndalama za ku Norway) 4,800 kwa munthu wina dzina lake Krogstad, ndipo pofunika mboni yomuimira anabera siginecha ya bambo ake amene anali gone. Cholakwa chake chinali pa deti: bambowo anamwalira pa 29 Seputembala, iye analemba pa 2 Okutobala. Kuchokera pamenepo wakhala akubweza ngongoleyo mobisa, kudula pa ndalama zogulira zovala zake, ndiponso kudzitsekera m'chipinda usiku akukopera zikalata za anthu pamanja kuti apeze kangachepe. Pofotokozera mnzake za ntchito yausikuyo, akunena kuti inali yotopetsa koma yokoma, chifukwa ankamva ngati ndi mwamuna. Mawu amenewo ine amandilasa kuposa kulira kulikonse m'seweroli. Chimene anamva kukoma ndi kugwira ntchito n'kulandira ndalama yakeyake.

Ndiye pali bokosi la makalata. Krogstad waponyamo kalata youlula zonse. Bokosilo lili pachitseko cha nyumba yake yomwe, Nora akuiona kalatayo ndi maso kudzera pagalasi, koma kiyi amasunga Torvald. Pambuyo pake Torvald akupeza kapini ka m'tsitsi katathyokera pa loko, Nora n'kunamizira ana. Aphunzitsi, mukafuna kuphunzitsa ana anu tanthauzo la kutaya ufulu pabwalo la zisudzo, aonetseni kapini kameneko. Palibe mtengambali amene akuima n'kulengeza kuti akazi ndife oponderezedwa. Pali mayi, bokosi, ndi kiyi ali m'thumba la munthu wina.

Pampondachimera, Torvald awerenga kalata ija. Nora ankayembekezera chozizwitsa: kuti mwamuna amene iye anamupulumutsa ku imfa adzaima n'kunena kuti mlanduwu ndi wanga. M'malo mwake amutchula wabodza ndi chigawenga, amuuza kuti akhalabe m'nyumbamo pongofuna kuphimba maso a anthu, koma ana asawalerenso. Posakhalitsa ifika kalata yachiwiri, Krogstad wabweza chikalata cha ngongole chija. Torvald afuula kuti wapulumuka. Iye yekha. Nora achita kufunsa kuti nanga ine. Kenako mwamunayo, mtima uli m'malo, amuuza kuti wamukhululukira. Nora alowa m'chipinda, avula zovala za kudansi, avala zamasiku onse, amukhazika mwamuna wake patebulo n'kumuuza kuti pa zaka 8 zonsezi aka n'koyamba kuti akambirane nkhani yeniyeni. Anali chidole cha bambo ake, kenako chidole cha mwamuna wake. Abweza mphete, asiya makiyi, atuluka, ndipo phokoso lomaliza ndi la chitseko cha kunsi chikumenyetsedwa.

Tsopano funso lanu loti musaoneke ngati mukunyoza amuna. Tsiku lina ndikuthandiza gulu la achinyamata kukonzekera sewero lomweli, mnyamata amene anatenga mbali ya Torvald anayamba gawo loyamba akukalipa, maso ali psuu, akumenya tebulo. Ndinamuimitsa. Ndinamufunsa kuti ngati uli chilombo kuyambira pachiyambi, mtsikanayu wakhala nawe zaka 8 chifukwa chiyani, ndipo abambo amene adzakhale pampando kuonerera adzadziona pati? Aliyense adzangoti ine sindili choncho, n'kupita kwawo mtima uli mbee. Tinayambiranso. Ndinamuuza kuti amukonde Nora ndi mtima wonse, amugwire khutu moseka, amuwerengere ndalama m'manja mwachikondi. Atatero, mtsikana amene anali Nora anandiuza pambuyo pake kuti ulendo wachiwiriwu ndi umene anamva kubanika. Torvald woopsa ndi wokoma mtimayo, chifukwa iye sakudziwa n'komwe kuti wasunga munthu m'khola. Nayenso anakulira m'malamulo omwewo, amanjenjemera ndi zimene anthu a kubanki anganene, ndipo pomaliza amatsala yekha pampando nkhope ili m'manja.

Umboni wakuti Ibsen sankadana ndi ukwati uli m'sewero lomwelo, kungoti ambiri amaudumpha. Mnzake wa Nora uja, Kristine Linde, anakwatiwa ndi munthu amene sankamukonda pofuna kusamala mayi ake odwala ndi alongo ake ang'onoang'ono awiri. Mwamunayo anamwalira osamusiyira kanthu, iye n'kugwira ntchito zaka zingapo kudzidyetsa yekha. Usiku womwe banja la Nora likupasuka, Kristine akupita kwa Krogstad, amene anali bwenzi lake lakale, n'kumufunsira yekha kuti akhale limodzi. Ntchito ali nayo ndi mkaziyo, zolakwa za wina ndi mnzake akuzidziwa zonse, palibe chobisa. Banja lina likugwa, lina likumangidwa, pansi pa denga limodzi. Mlembi wodana ndi ukwati sakanadzivutitsa kulemba gawo limenelo.

Anthu a nthawi imeneyo sanachilandire bwino chitseko chija. Mayi wina wotchuka pa zisudzo ku Germany, Hedwig Niemann-Raabe, anakana kusewera mathero otere ponena kuti iye sangasiye ana ake. Poti malamulo sankamuteteza Ibsen kuti ena asasinthe ntchito yake kumeneko, analemba yekha mathero ena mu 1880: Torvald amukokera Nora pakhomo la chipinda cha ana, iye n'kugwa pansi osapitanso. Ibsen mwiniwake ankanyansidwa nawo matherowo. Komanso nkhaniyi sanaitole m'mutu. Mnzake wina wolemba mabuku, Laura Kieler, anakongoladi ndalama mobisa kuti mwamuna wake wodwala chifuwa chachikulu akachire kumayiko ofunda, ndipo atapanikizika anachita chinyengo pa chikalata cha ndalama. Zitaululika, mwamunayo anafuna kuthetsa banja ndipo mayiyo anakatsekeredwa kuchipatala cha odwala misala. Nora wa pabwalo anatuluka yekha ndi miyendo yake, wa m'moyo weniweni anachita kutulutsidwa.

Mu 1898 Ibsen anauza bungwe la ufulu wa amayi ku Norway kuti iye sanalembe pofuna kumenyera nkhondo amayi, ntchito yake inali kufotokoza za munthu. Ena amawagwiritsa ntchito mawu amenewa pofuna kulichotsa mano seweroli. Ine sindiwatsatira, chifukwa munthu yemweyo mu 1884 anasaina nawo chikalata chopempha kuti mkazi wokwatiwa azikhala ndi chuma chakechake.

Mwina mukuti zonsezi ndi za ku Ulaya ndi malamulo awo akale, nanga mtsikana akasankha yekha mwamuna, mwachikondi, palibe womukakamiza? Apa ndiye pofunika Anowa, sewero la Ama Ata Aidoo wa ku Ghana la 1970, limene kwa ine limapweteka kuposa la Ibsen. Nkhani yake ikuchitika cha m'ma 1870 pakati pa Afante. Anowa wakana amuna onse omufunsira, kenako wasankha yekha Kofi Ako, mayi ake Badua akukana kwamtuwagalu. Achoka pamudzi akulumbira kuti sadzabwereranso. Zaka zoyambirira ndi za mavuto: akuyenda mitunda italiitali mvula ili pamsana, atasenza zikopa za malonda, akugona m'nkhalango. Koma nthawi imeneyo ndi imene Anowa ali wamoyo, mpaka anthu m'njira amawayesa munthu ndi mlongo wake. Malonda atakula, Kofi ayamba kugula akapolo. Anowa akana, iye osamva. Alemera kwadzaoneni, amanga chinyumba, ndipo mwamunayo auza mkazi wake kuti tsopano apume, akhale ngati mkazi wa munthu wolemera. Apa mpamene mkaziyo akuthera. Ntchito alibe, mwana alibe, akungoyendayenda m'zipinda wopanda nsapato, atavala nsalu yake yakale ija. Palibe amene wamulanda kiyi kapena kumutsekera. Amulanda katundu amene ankasenza pamutu, ndipo katunduyo ndi amene ankamupatsa mawu m'banjamo. Kofi atafuna kumuthamangitsa osanena chifukwa, Anowa aulula pagulu kuti mwamunayo anagwa m'papaya, kuti umuna wake anausinthanitsa ndi chuma. Kofi adziwombera, Anowa adziponya m'madzi. Aidoo anaikamonso nkhalamba ziwiri zothirira ndemanga, ndipo amene akumuweruza Anowa mopanda chisoni ndi agogo aakazi, pamene aamunawo akuyesa kumumvetsa.

Chimenecho musachiiwale polemba. M'masewero abwino, mlonda wa pachitseko nthawi zambiri ndi mkazi mnzake, amene anauzidwa kuti banja n'kupirira, napirira, ndiye sakuona chifukwa choti wina apulumuke. Mu The Lion and the Jewel la Wole Soyinka, Sadiku, mkazi wamkulu wa mfumu Baroka, ndi amene amapita kukamufunsirira mwamuna wake mtsikana Sidi. Mu The House of Bernarda Alba la Federico García Lorca la 1936 simuoneka mwamuna ndi mmodzi yemwe pabwalo. Mayi wamasiye watsekera ana ake aakazi asanu m'nyumba kuti alire maliro zaka 8, ndipo khomo lokhalo lotulukira ndi ukwati. Atsikanawo akulimbirana mwamuna mmodzi, ngati akaidi olimbirana kusamukira kundende ina.

Masewero anthabwala ndingowadutsa msanga, chifukwa ambiri amathera pa tsiku laukwati, nsalu n'kutsika tisanaone Lolemba lotsatira. Awiri okha ndiwo ndingawatchule. Mu The Taming of the Shrew la Shakespeare, Petruchio akumumana mkazi wake Katherina chakudya ndi tulo kuti afewe, ndipo akumutchula katundu wake pamodzi ndi nyumba, munda, hatchi ndi ng'ombe. Otsogolera zisudzo masiku ano amavutika nawo mawu omaliza a Katherina olangiza akazi kugonjera amuna awo. Ena amamuuza kuti awalankhule motsinzinira owonerera, ena mosweka mtima. Ngakhale m'masiku a Shakespeare omwewo, John Fletcher analemba sewero loyankha, m'mene Petruchio akuwetedwa ndi mkazi wachiwiri. Lina ndi The Way of the World la William Congreve la 1700, m'mene mtsikana wotchedwa Millamant asanavomere ukwati akuika mfundo zake patebulo: azidzuka nthawi imene wafuna, azilemba ndi kulandira makalata popanda kufunsidwa, mwamuna azigogoda asanalowe m'chipinda chake. Akuti zikatheka zimenezi, mwina angalole kunyentchera pang'onopang'ono mpaka kusanduka mkazi wa munthu. Taonani, makalata aja abweranso, zaka 179 Nora asanathyole kapini kake.

Pa luso lolembera, loyenera ana a sukulu ndi Trifles la Susan Glaspell wa ku America, la 1916. Ndi lalifupi, la gawo limodzi, atengambali asanu, malo ake ndi khitchini basi. Glaspell anali mtolankhani ku Iowa ndipo analemba atatsatira mlandu weniweni wa mayi woganiziridwa kupha mwamuna wake. M'seweroli mlimi John Wright wapezeka atafa pabedi chingwe chili m'khosi, mkazi wake Minnie ali m'chitokosi, ndipo sitimuona n'komwe. Amuna atatu akukwera ndi kutsika kufunafuna umboni, akuseka amayi awiri amene atsala m'khitchini kuti amatanganidwa ndi zinthu zopanda pake. Amayiwo, amene timawadziwa ndi mayina a amuna awo okha, akuona chofunda cha zigamba chimene chinasokedwa bwino kenako ulusi n'kuyamba kupotoka ngati wosokayo manja ankanjenjemera. Akuona kakhola ka mbalame kothyoka chitseko. Kenako m'kabokosi kokongola akupeza kambalame kakufa, kokulungidwa m'kansalu, khosi lopotokola. Mmodzi akukumbukira kuti zaka 30 zapitazo mayiyu anali Minnie Foster, mtsikana wovala bwino woimba kwaya. Osauzana ndi pakamwa, abisa kambalameko m'thumba la chikhoti. Zaka zonse za banja limenelo tazimva popanda mwiniwake kutsegula pakamwa.

Ndiye polemba lanulo, yambani ndi kudzifunsa mafunso a m'nyumba. Foni ikalira amayankha ndani, ndipo nambala yachinsinsi ya foni ya mnzake akuidziwa ndani? Malipiro a mkazi akalowa, amapita kuti? Akafuna kukaona mayi ake, amauza kapena amapempha? Anzake a kusukulu anasiya liti kubwera, ndipo ndani anawaletsa, kapena palibe anawaletsa koma anangoona okha nkhope ya bambo wa pakhomopo? Sankhani chinthu chimodzi chogwirika, chikhale satifiketi imene yakhala pansi pa sutikesi zaka 10, kapena yunifolomu ya ntchito imene anaisiya, ndipo chionekere katatu: poyamba anthu aseke, kachiwiri akhale chete, kachitatu chipweteke. Mwamunayo mumupatse zifukwa zomveka. Azikhulupirira kuti akumuteteza, ndipo pena azikhala wolondola. Mumupatsenso mantha ake, a ngongole, a anzake omuseka, a bambo ake omwe.

Za kuthawa, kupenga ndi kufa zija, mwanena zoona kuti zachuluka, ndipo zina ndi ulesi wa alembi. Imfa imatseka sewero mosavuta. Koma kutuluka pakhomo nakonso kukhoza kukhala bodza lokoma. Mu Disembala 1923, pamene achinyamata a ku China anali atamutenga Nora ngati ngwazi yawo, mlembi Lu Xun analankhula kwa atsikana a pakoleji ya aphunzitsi ku Beijing n'kuwafunsa chimene chinachitika Nora atachoka. Yankho lake linali lowawa: wopanda ndalama m'chikwama, njira zinali ziwiri, kugwa m'moyo wachabechabe kapena kubwerera. Anati ufulu sugulidwa ndi ndalama, koma munthu akhoza kuugulitsa chifukwa cha ndalama. Mu 2017 Lucas Hnath wa ku America analemba sewero lopitiriza nkhaniyi, m'mene Nora akugogoda pachitseko chomwe chija patatha zaka 15. Zinthu zamuyendera, ndi mlembi wa mabuku, koma watulukira kuti Torvald sanakathetse ukwati kukhoti, choncho mapepala onse amene wakhala akusaina ngati mkazi wosakwatiwa akhoza kumuika m'mavuto. Siginecha ija yamupezanso.

Mtsikana wanu sakakamizidwa kuchoka kuti seweroli ligwire mtima. Akhoza kutsala, n'kupempha kiyi wachiwiri, mwamuna n'kuima nthawi yaitali dzanja lili m'thumba, nsalu n'kutsika tisanadziwe. Koma ngati mwaganiza zomutulutsa, tengani pepala lina limene ana sadzaliona, mulembepo zimene zili m'chikwama chake, ndalama zingati, ndi kumene akagone. Ibsen anachita zimenezo pang'ono chabe. Nora akutuluka ndi kachikwama kakang'ono, wakana kulandira kalikonse kwa Torvald, usiku umenewo akagona kwa Kristine, ndipo mawa lake apita kwawo kumene anakulira kukafuna ntchito.